Sitima yodutsa pamwamba pa msewu: phindu lake lili pati, nanga imafuna mzinda wotani?

Msewu wa M3 ukalowa mu mzinda wa Zomba umasenza ntchito zitatu pakamodzi. Ndi njira ya malole ndi mabasi ochokera ku Blantyre opita ku Liwonde ndi ku Mangochi. Ndi njira ya anthu a ku Chinamwali ndi ku Matawale olawirira ku ntchito, ku msika kapena ku chipatala chachikulu. Ndiponso ndi siteji, poti minibasi kapena Sienta imaima paliponse pomwe munthu wakweza mkono, akabaza nawo ali ndandanda m'mphepete momwemo. Ntchito zitatuzi sizimvana: wa ulendo wautali akufuna kuthamanga, wonyamula anthu akufuna kuima, woyenda pansi akufuna kuwoloka. Mpanipani umabadwira pamenepo. Ku Limbe kapena pa mlatho wa ku Old Town ku Lilongwe nkhani ndi yomweyi, kungoti kumeneko yakula.

Anthu akaona zithunzi za ku Bangkok kapena ku Lagos amafunsa kuti bwanji osangoimika mizati pakati pa msewu, sitima n'kumadutsa pamwamba. Funsoli si lachibwana. Mizinda yambiri inatenga njira imeneyi, ina inapindula, ina ikulirabe ndi ngongole.

Chomwe mzinda umagula ukamanga njanji ya m'mwamba ndi njira yomwe palibe wina aliyense angaidutse. Kukwera m'mwambako ndi njira chabe yopezera zimenezi. Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo limatsetsereka mosavuta, n'chifukwa chake sitima imakoka katundu wolemera ndi mphamvu zochepa, koma n'chifukwa chakenso siima msanga. Sitima yothamanga makilomita 80 pa ola imafuna mamita pafupifupi 250 kuti iime popanda kugwetsa anthu oimirira m'katimo. Chinthu chotere sichingagawane msewu ndi wakabaza wotembenuka mwadzidzidzi. Mukaiyendetsa pansi limodzi ndi magalimoto, iyenera kuyenda pang'onopang'ono ndi kuima pa maloboti ngati basi. Mukaipatula, imatha kutsatana ndi inzake mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse, tsiku lonse, nthawi yake osaphonya.

Masamu ake ndi awa. Bogi imodzi yotalika mamita pafupifupi 22 imanyamula anthu 250 kapena kuposerapo, ambiri ataimirira. Sitima ya mabogi 6 ndiye kuti yatenga anthu 1,500. Zikamanyamuka mphindi zitatu zilizonse, pa ola zimadutsa 20, kutanthauza anthu 30,000 kulowera mbali imodzi. Kuti maminibasi a anthu 15 anyamule gulu lomwelo pafunika maminibasi 2,000 pa ola, imodzi isanathe masekondi awiri inzake yadutsa, ndipo pasapezeke yoima kukweza munthu. Palibe msewu wa m'tauni womwe ungachite zimenezo. Tsono sitimayo pansi imangodya malo a mizati yokha, kamzere ka mamita awiri kapena atatu pakati pa msewu. Liwiro lake, kuwerengera ndi kuima pa masiteshoni, limakhala makilomita 30 mpaka 35 pa ola. Sizikumveka zambiri, koma mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Limbe ungamathe m'mphindi 15, kaya ndi 7 koloko m'mawa, kaya kukugwa mvula, kaya pa Chichiri pali mpira.

Njira yopanda woidutsa imapezeka m'mitundu itatu. Mutha kuyala njanji pansi n'kuitchinga ndi mpanda. Ndi yotsika mtengo koma imadula mzinda pakati, anthu n'kumaboola mpandawo kuti awoloke. Mutha kukumba pansi pa nthaka. Msewu umatsala waukhondo koma mtengo wake umakhala kawiri kapena katatu poyerekeza ndi wa m'mwamba, ndipo pamafunika mapampu ochotsa madzi ndi makina olowetsa mpweya osagona usana ndi usiku. Kwa ife amene tinaona madzi a namondwe Freddy mu March 2023, dzenje lalitali pansi pa mzinda lodalira mapampu a magetsi si chinthu chochifulumirira. Njanji ya m'mwamba ili pakatikati: madzi osefukira amadutsa pansi pake, imamangidwa msanga kuposa ya pansi pa nthaka, ndipo wokwera amaona komwe ali.

Mmene imamangidwira

Ntchito imayamba ndi zinthu zosaoneka. Pansi pa msewu uliwonse wa m'tauni pali mapaipi a madzi, zingwe za magetsi, zingwe za intaneti ndi ngalande, ndipo mapu akale kawirikawiri sasonyeza bwino pomwe zadutsa. Choncho asanabweretse makina, amakumba timaenje ndi manja pamalo a mzati uliwonse kuti aone zomwe zilipo, kenako n'kuzisuntha. Ntchito zambiri zotere zimachedwera pomwepa, kontirakita ali ndi makina olipira lendi tsiku ndi tsiku akudikira kuti eni paipi abwere.

Kenako nthaka. Mizati imatalikirana mamita 25 mpaka 35, ndipo pamalo a mzati uliwonse payenera kubooledwa kuti adziwe zomwe zili pansi. Ku Zomba kuno chenjezo limeneli n'lofunika kwambiri. M'tsinde mwa phiri muli miyala ikuluikulu yomwe inagubuduzika kalekale n'kukwiririka. Chobowolera chikagunda mwala wotere, wosadziwa amayesa wafika pa thanthwe, pomwe pansi pa mwalawo pali dothi lofewa. Mzati womangidwa pamenepo umadzatitimira. N'chifukwa chake amaboola mamita angapo kulowa m'mwalamo kuti atsimikize. Kutsikira cha kuchigwa cha Chilwa ndi m'mbali mwa mtsinje wa Likangala vuto limatembenuka: dothi lamakande ndi madzi ali pafupi, thanthwe lili kutali.

Pomwe nthaka ndi yofewa, mzati umakhala pa miyendo ya konkire yolowa pansi, kawirikawiri inayi, uliwonse mulifupi mwake mita imodzi kapena kuposerapo, kuya kwake mamita 20 mpaka 30. Makina amaboola dzenje, namalidzaza ndi madzi osakaniza ndi dothi la bentonite kuti m'mbali musagumuke. Amatsitsiramo chikwere cha zitsulo zolukidwa, kenako konkire imathiridwa kudzera mu paipi yofika pansi penipeni, n'kumakwera ikukankhira matope aja kunja. Lamulo lake ndi limodzi: kukamwa kwa paipiyo kusatuluke mu konkire mpaka dzenje litadzaza. Galimoto ya konkire ikachedwa pa msewu, kapena wogwira kireni akakweza paipi mopitirira, matope amatsekeredwa pakati ndipo mwendowo umakhala woduka m'kati, kunja osaoneka kanthu. Ichi n'chifukwa chake mwendo uliwonse umayezedwa ndi makina otumiza kugunda n'kumvetsera mmene kwabwerera, ndipo ina amaisenzetsa katundu woposa womwe idzanyamule.

Pamwamba pa miyendoyo amathira chiguwa cha konkire cha mamita pafupifupi 5 mbali zonse, pamenepo n'kuimika mzati wa mamita awiri mulifupi kapena kucheperapo. Chiguwacho chimakwiririka, koma pochimanga pamatchingidwa malata mamita 8 kapena 9 pakati pa msewu. Ndiye kuti kwa zaka ziwiri kapena zitatu msewu womwe mukufuna kuupulumutsa umakhala woipa kuposa kale, ndipo eni mashopu a m'mbali amataya makasitomala. Pa msewu wa mizere iwiri yokha, ngati M3 m'kati mwa Zomba, malatawo akhoza kungotseka msewu wonse.

Mlatho wapamwamba sauthira pamalopo. Umaumbidwa ku bwalo lina kunja kwa tauni m'zidutswa za mamita pafupifupi atatu, chilichonse cholemera matani 40 kapena 50, n'kumazibweretsa usiku. Chimakina chachitsulo chokhala pamwamba pa mizati iwiri chimakweza zidutswa khumi kapena kuposerapo n'kuzindandalika m'malere. Pokumanira pake amapakapo guluu wolimba, kenako amalowetsa zingwe zachitsulo m'mabowo odutsa m'zidutswa zonse, ngati mikanda pa ulusi, n'kuzikoka ndi majeki mpaka zonse zitafinyana kukhala mtanda umodzi. Mabowowo amawadzaza ndi simenti yamadzi kuti zingwe zisachite dzimbiri. Pakatsala mphako, madzi amakhalamo ndipo chingwe chimadyeka mwakachetechete kwa zaka. Chimakinacho chikamaliza chimadzikankha chokha kupita pa mzati wotsatira. Njira ina ndi youmba mtanda wathunthu wooneka ngati chilembo cha U, wotalika mamita 25 kapena kuposerapo, n'kuukweza ndi makireni awiri usiku umodzi. Makoma a U amatchinga phokoso la magudumu ndipo pamwamba pake pamakhala poyenda anthu sitima ikafa. Pansi pa mtanda payenera kutsala mamita osachepera 5.5 kuti lole yodzaza idutse, ndipo tsinde la mzati limatetezedwa ndi khoma la konkire, poti lole yoduka mabuleki siisankha pogunda.

Mtanda sukhala mwachindunji pa mzati. Pakati pake pali mapilo a mphira wolimba wokhala ndi timapepala tachitsulo m'kati. Chifukwa chake n'chakuti konkire ndi chitsulo zimafutukuka kukatentha: mtanda wa mamita 30 umatalika pafupifupi sentimita imodzi kutentha kukasintha ndi madigiri 30, monga zimakhalira pakati pa m'bandakucha wa mu June ndi masana a mu October. Mphirawo umalola kuyendako. Ndi kachinthu kakang'ono pa chimlatho chonse, koma mu September 2024 ku Dhaka, ku Bangladesh, pilo mmodzi wotere anachoka pamalo pake pafupi ndi siteshoni ya Farmgate ndipo sitima zinaima maola ambiri pa chigawo chimenecho. Njanji nayo imawotchereredwa kukhala chitsulo chimodzi chopanda mfundo, n'kumangidwa pa konkire ndi zomangira zokhala ndi mphira, popanda miyala ya kwale ija timaiona pa njanji ya ku Liwonde. Kwale ndi wolemera, ndipo kumukonza m'mwamba n'kovuta.

Sitima imakana zinthu ziwiri: chitunda ndi ngodya. Ya magudumu achitsulo siikwera kuposa mamita anayi pa mamita 100 aliwonse, choncho kuchoka pansi kufika pamwamba pa mizati pamafunika chikweza chotalika mamita 250 kapena 300, chomwe chimakhala khoma lotseka msewu. Pokhota imafuna uta waukulu, wa mamita osachepera 120 kuchokera pakati pa bwalo lake, pomwe msewu wa m'tauni umatha kukhota pa raundabauti m'mamita 20. Ndiye njanji imasiya msewu n'kudutsa pamwamba pa mapuloti a anthu, chipukuta misozi n'kuyamba. Pokhota pothina pamabweranso kulira kuja koboola m'makutu. Magudumu awiri a sitima ndi omangidwa ku chitsulo chimodzi ndipo amazungulira mofanana, koma lakunja lili ndi mtunda wautali kuposa lam'kati, choncho limodzi limakwekwereza. Mankhwala ake ndi timakina topaka girisi m'mbali mwa njanji ndi kupala njanjiyo nthawi ndi nthawi. Zikalekedwa, oyandikana nawo ndiwo amayamba kudziwa. Za kukwera phiri kupita ku Ku Chawe tisazitchule n'komwe: malo otsetsereka choncho amafuna tingolo tolendewera pa chingwe, monga tomwe mzinda wa Medellín ku Colombia unatsegula mu 2004 ndi La Paz ku Bolivia mu 2014.

Siteshoni ndiye pomwe pamagona nkhani yomwe ojambula zithunzi zokongola sakonda kuinena. Ya sitima ya mabogi 6 imatalika mamita pafupifupi 140, mulifupi 20, ndipo imaphimba msewu wonse ngati denga. Imakhala ya nsanjika ziwiri, yoyamba yogulira matikiti, yachiwiri yokwerera, mamita 12 mpaka 15 kuchokera pa msewu. Amenewo ndi masitepe pafupifupi 80. Mnyamata wa ku Chirunga awathamanga, koma mayi wobereka mwana, dengu la tomato lili pamutu, kapena agogo opita kukaonana ndi dokotala, adalira chikepe ndi masitepe oyenda okha, ndipo zonsezi zimafuna magetsi ndi zipangizo zoitanitsa kunja. Chikepe chikafa n'kukhala miyezi, siteshoniyo yatsekera kunja anthu omwe amaifuna koposa. Kukwera, kudikira ndi kutsika kumadya mphindi zisanu kapena kuposerapo, choncho pa ulendo wa kilomita imodzi kapena awiri wakabaza amapambana, amakakusiyaninso pakhomo. Sitima imayamba kupindula ulendo ukapitirira makilomita asanu. Anthu ambiri salola kuyenda pansi kuposa mamita 800 kupita ku siteshoni, ndiye maminibasi ndi akabaza sachoka. Ntchito yawo imasintha kukhala yotutira anthu ku masiteshoni. Mzinda womwe sukambirana nawo poyamba umadzawapeza akupikisana ndi sitima pansi pa mizati yomweyo, pa mtengo wotsika.

Zomwe mizinda ina inaphunzira

Njanji zotere si zachilendo. Ku New York yoyamba inayesedwa mu 1868, ku Chicago inayamba mu 1892 ndipo ikuyendabe mpaka lero, ku Liverpool inatsegulidwa mu 1893 ili yoyendera magetsi. Zakalezo zinali zachitsulo chokhachokha, zaphokoso, zodetsa msewu ndi mdima, mafuta akudontha pa anthu. Eni nyumba ku Manhattan, chigawo cha New York, anazida, ndipo mzindawo unazigwetsa imodziimodzi, yomaliza ya pa Third Avenue mu 1955. Ya ku Liverpool inaphedwa ndi dzimbiri: utsi ndi nthunzi za sitima za padoko zodutsa pansi pake zinadya zitsulo, ndalama zokonzera zinasowa, n'kuitseka mu December 1956. Za masiku ano n'zakonkire ndipo phokoso n'lochepa, koma madzi akadali mdani wamkulu. Amalowera pa mfundo za mitanda, n'kutsikira pa mapilo ndi pamutu pa mzati, zitsulo za m'kati n'kuchita dzimbiri, kutupa ndi kusweka konkire. Mapaipi otsitsa madzi a mvula akatsekeka ndi masamba ndi majumbo, ntchito ya dzimbiri yayamba. Kuyendera mzati uliwonse chaka ndi chaka ndi ntchito yosaoneka pa wailesi ya kanema, n'chifukwa chake ndi yoyamba kudulidwa bajeti ikathina.

Ngozi zazikulu zimachokera pa tinthu tating'ono. Pa 3 May 2021 ku Mexico City mtanda wa Line 12 unathyoka sitima ili pamwamba, anthu 26 n'kufa, njanjiyo isanakwanitse zaka 10. Ofufuza anapeza kuti misomali yachitsulo yolumikiza konkire ya pamwamba ndi mitanda yachitsulo ya pansi inali yosawotchereredwa bwino, ina kunalibe n'komwe, choncho zigawo ziwirizo sizimanyamula katundu ngati chinthu chimodzi. Ku Delhi mu July 2009 mutu wa mzati unasweka pa Zamrudpur ntchito ili m'kati, chimakina chokwezera zidutswa n'kugwa, anthu 6 n'kufa. Ku Kobe, ku Japan, chivomerezi cha mu January 1995 chinagwetsa mizati ya msewu wa m'mwamba ndi ya njanji, makamaka chifukwa zitsulo zozungulira m'kati mwa mizati zinali zochepa ndi zotalikirana. Kuyambira pamenepo amazithinanitsa kwambiri, maka m'tsinde. Phunziro limeneli likutikhudza. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chomwe nthaka yake imang'ambika, ndipo Salima mu 1989 ndi Karonga mu December 2009 anaona zivomerezi zogwetsa nyumba.

Koma chomwe chimapha njanji zambiri ndi ndalama. Line 6 ya ku Dhaka, yomwe inatsegulidwa mu December 2022 ndi ngongole ya ku Japan, ndi ya makilomita pafupifupi 20, yonse ya m'mwamba, ndipo kilomita iliyonse inadya madola oposa 100 miliyoni. Ku Lagos ntchito ya Blue Line inayamba mu 2009, koma anthu anayamba kukwera chigawo choyamba cha makilomita 13 mu September 2023. Ku Bangkok, Skytrain yomwe lero anthu amaiyamikira inatsegulidwa mu December 1999, okwera n'kukhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi omwe ankayembekezeka, kampani yake n'kulephera kubweza ngongole mpaka kukakonzanso mgwirizano ndi okongoza kudzera ku khoti. Inadzapindula pambuyo pake, njanji itatalikitsidwa ndipo nyumba zazitali zitamera m'mbali mwa masiteshoni.

Chitsanzo choyandikira kwa ife ndi Addis Ababa. Sitima zake zing'onozing'ono zinayamba mu September 2015, pa njanji yoposa makilomita 30 yomwe mbali zina ili pansi, mbali zina pa mizati. Inadya madola 475 miliyoni, ambiri a ngongole ya ku China. Anagula sitima 41, koma zisanathe zaka 10 zoyenda zinali zosakwana theka, zina zitaima chifukwa chosowa zipangizo. Vuto lake tonse timalidziwa: wokwera amalipira ndalama ya dziko lake, pomwe ngongole, magudumu, mabuleki ndi makompyuta oyendetsera zimafuna madola. Kwathu kuno mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chipangizo cha madola 1,000 chinakwera ndi K520,000 usiku umodzi. Mtengo wa tikiti sungalumphe choncho, okwera abwerera ku minibasi.

Magetsi ndi nkhani inanso. Sitima imodzi ya mabogi 6 ikamanyamuka imakoka mamegawati angapo, ndipo mphamvuyo iyenera kubwera kuchokera mbali ziwiri zosadalirana kuti imodzi ikazima ina igwire. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Minibasi ikafa anthu amatsika n'kukwera ina. Sitima ikazimira pakati pa masiteshoni awiri, anthu 1,500 ayenera kutsitsidwa n'kuyenda pa kanjira kopapatiza mamita 10 m'mwamba mpaka ku siteshoni, mwina mu mdima.

Nanga Zomba?

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 105,013 mu mzinda wa Zomba. Njanji yonyamula 30,000 pa ola ingatute mzinda wonse, ndi makanda omwe, m'maola atatu ndi theka. Ku India, komwe amanga njanji zotere zambiri, boma limayamba kuganizira za sitima ya m'tauni mzinda ukafika anthu 2 miliyoni, ndipo akatswiri amafuna kuona anthu osachepera 15,000 pa ola kulowera mbali imodzi pa msewu womwewo. Zomba ili kutali ndi pamenepo. Tiyerekeze makilomita 10 okha pa madola 50 miliyoni kilomita iliyonse, osafika n'komwe theka la mtengo wa ku Dhaka: ndi madola 500 miliyoni, kuti sitima zizidutsa zopanda anthu pamwamba pa maminibasi odzaza. Onjezani kuti mzindawu ulibe njanji. Yapafupi ili ku Liwonde, pa mzere wa Nkaya kupita ku Nayuchi. Ngakhale ikanakhalapo, njanji zathu n'zotalikirana mamilimita 1,067 pomwe sitima zambiri za m'mizinda zimayenda pa 1,435. Ndiye kuti zonse n'zoyamba kumene: galaja yake ya mahekitala 10 kapena kuposerapo pamalo athyathyathya, makina osemera magudumu, amisiri ophunzitsidwa kunja.

M'dziko muno msewu womwe mawonekedwe ake akufanana ndi omwe njanji yotere imafuna ndi wa Masauko Chipembere. Uli ndi tauni kumapeto onse awiri, choncho anthu amayenda mbali zonse m'mawa ndi madzulo, ndipo m'njiramo muli chipatala cha Queen Elizabeth, sukulu ya MUBAS, sitediyamu ndi mashopu a pa Chichiri. Sitima yodzaza popita n'kubwerako yopanda anthu imadya ndalama. Imeneyi ingadzaze konsekonse. Komabe Blantyre inali ndi anthu 800,264 mu 2018, Lilongwe 989,318, ndipo Lilongwe ndi yomwazikana kwambiri. Kwa mizinda ya msinkhu umenewu, njira yopanda woidutsa itha kupezeka ndi mabasi. Dar es Salaam inapatula mizere ya pakati pa Morogoro Road n'kuyikamo mabasi ataliatali mu 2016, kuchokera ku Kimara kufika ku Kivukoni, makilomita 21 tikawerengera ndi nthambi zake. Nawonso avutika ndi kuchepa kwa mabasi ndi madzi osefukira pa Jangwani, koma basi ikafa umagula ina imodzi, ndipo makaniko ake alipo kale. Njira imeneyi itha kukwezedwa pa mizati pamphambano zovuta zokha, kwina konse n'kuyenda pansi, ndipo mizere yapakatiyo ndi malo omwewo omwe mizati ya sitima ingadzaimepo anthu akadzachuluka.

Ku Zomba mankhwala ake ndi kulekanitsa ntchito zitatu zija ndi zida zotsika mtengo: msewu wolambalala tauni wa malole ndi mabasi odutsa, malo olowa m'mbali oimapo maminibasi kuti asatseke mzere, ndi njira ya oyenda pansi ndi njinga yolekanitsidwa ndi phula ndi kakhoma, ngalande zitavindikiridwa. Mzere wa penti wokha sutchinga galimoto.

Chilichonse mwa izi chisanajambulidwe payenera kuwerengedwa anthu, ndipo kuwerengako kuli ndi kachitidwe kake. Owerenga amaima pa malo ochepa omwe aliyense wolowa m'tauni ayenera kudutsa, monga pa milatho ya Mulunguzi ndi Likangala, kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko m'mawa ndi madzulonso, n'kumalemba mphindi 15 zilizonse padera, mbali iliyonse payokha. Amawerenga mitu ya anthu osati magalimoto okha, kuphatikizapo oyenda pansi ndi okwera njinga, omwe m'mizinda yathu ndi ochuluka koma amaiwalika. Tsiku lake likhale la pakati pa sabata, sukulu ndi yunivesite zili zotsegula, lisakhale la malipiro. Nambala yofunika ndi ya ola lothina kwambiri pa malo othina kwambiri, ndipo iyenera kubwerezedwa chaka ndi chaka kuti kukula kwake kuoneke.

Chinanso chomwe khonsolo ingachite lero popanda dola imodzi ndi kusunga malo. Pa misewu ikuluikulu lamulo limasiya mamita 30 kuchokera pakati pa msewu mbali iliyonse. M'mamita 60 amenewo mungalowe mizere ya magalimoto, ya mabasi, ya njinga, mitengo, ngakhale siteshoni ya mamita 20 mulifupi. Cha ku Matawale, ku Chinamwali ndi kulowera ku Thondwe malowo akadalipo m'zigawo zambiri. Benchi la tomato kapena kanyumba ka malata n'zosuntha tsiku limodzi, bola eni ake apatsidwe pena pogulitsira. Shopu ya njerwa zootcha yokhala ndi pulani yosainidwa ndiyo imadzafuna chipukuta misozi, woyeza mtengo wake ndi mlandu ku khoti, mzati woyamba usanaime.